Ku Plains, kwawo kwa mlimi wa mtedza amene anakhala phungu: ndemanga pa malo osungirako mbiri ya a Jimmy Carter

Ndinanyamuka ku Atlanta m'bandakucha wa Loweruka lina kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo ndinayendetsa galimoto mtunda wa makilomita pafupifupi 240 kulowera kummwera ndisanafike m'tauni ya Plains. Inali nyengo yokolola. M'minda ya m'mbali mwa msewu mtedza unali utakumbidwa kale ndi makina amene amauzula n'kuugadamitsa, masamba pansi, makoko kumwamba, kuti uume ndi dzuwa usanathotholedwe, ndipo fungo la dothi ndi la masangwi linkalowa m'galimoto ngakhale mawindo anali otseka. Munthu amene anakulira ku Mchinji kapena ku Kasungu sangalakwitse fungo limenelo. Chigawo cha Georgia chimalima pafupifupi theka la mtedza wonse wa ku America, choncho aliyense wofuna kumvetsa mbiri ya a Jimmy Carter amayamba kuiwerenga m'mindamo asanatsike n'komwe m'galimoto.

Malo amene ndikuwaunika pano amatchedwa Jimmy Carter National Historical Park, ndipo amayendetsedwa ndi nthambi ya boma ya National Park Service. Anakhazikitsidwa mu 1987, ndipo mu 2021 anapatsidwa dzina limene ali nalo lero. Si nyumba imodzi ayi, koma malo angapo omwazikana: sukulu yakale ya Plains High School imene tsopano ndi polandirira alendo, siteshoni yakale ya sitima, famu ya ku Archery kumene a Carter anakulira, ndiponso nyumba imene iwo ndi akazi awo a Rosalynn anamanga mu 1961, pomwe pali manda a awiriwa. Kulowa n'kwaulere. Ndinene msanga kuti ulendowu ndi woyenera mafuta ake ndi tsiku lake, koma phindu lake limadalira kwambiri funso limene mlendo wabwera nalo. Ambiri amabwera kudzaona kwawo kwa pulezidenti wa nambala 39 wa dziko la America. Ine ndinapita kukafufuza munthu wa zaka za pakati pa 1953 ndi 1967, mlimi ndi wogulitsa mbewu amene anakhala phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo chake, chifukwa ndimakhulupirira kuti zonse zimene anachita pambuyo pake zinaumbidwa m'zaka zimenezo.

Amene angamve malangizo anga ayambire ku famu, ngakhale kuti mwachizolowezi alendo amayambira kusukulu. Famuyo ili pa mtunda wa makilomita anayi kapena kuposerapo pang'ono kumadzulo kwa tauni, moyang'anizana ndi njanji. Banja la a Earl Carter linasamukira kumeneko mu 1928, mwana wawo Jimmy ali ndi zaka zinayi, ndipo iye anakhalako mpaka 1941 pamene anapita ku koleji. Oyang'anira malowa anabwezeretsa famuyo mmene inkaonekera magetsi asanafike mu 1938, ndipo ntchito imeneyi anaigwira bwino kwambiri. Pabwalo pa nyumba palibe kapinga koma mchenga wosesedwa, monga momwe amayi athu amasesera pakhomo m'mamawa kuti njoka isabisale. Pali chimbudzi chokumba, khola, nyumba yosulira zitsulo, makina opopa madzi oyendera mphepo, ndipo m'bafa muli ndowa yoboola pansi imene inkagwira ntchito ngati shawa. M'timinda tachionetsero amadzalamo mtedza, thonje, chimanga ndi nzimbe, ndipo pali mbuzi, nkhuku ndi nyulu, pakuti m'masiku amenewo ankalima ndi nyulu osati thirakitala.

Chimene chinandigwira mtima koposa ndi timabokosi ta mawu timene anaika m'malo osiyanasiyana. Mukadina batani, mumamva a Carter eni ake akufotokoza ntchito imene inkachitika pamene mwaimapo, m'mawu a nkhalamba yokumbukira ubwana wake mosathamanga. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa zikwangwani zolembedwa, chifukwa maso amakhala pa chinthu chenichenicho pamene makutu akumva mwini nkhani. Ntchito zimene amazitchula n'zodziwika kwa aliyense wobadwira kumudzi: kudzuka kusanache, kukama ng'ombe, kupalira, kuunjika mtedza pamitengo kuti uume, ndiponso kupaka mankhwala osakaniza ndi madzi a nzimbe pansonga za thonje pofuna kupha tizilombo. Ali mwana wa zaka zisanu zokha, ankawiritsa mtedza wauwisi m'madzi a mchere, kuuika m'timapepala, n'kuyenda wapansi motsatira njanji kukaugulitsa m'misewu ya Plains.

Pafamupo pali nyumba ina yaing'ono yamatabwa imene mlendo sayenera kuidutsa mothamanga. Munali a Jack Clark ndi akazi awo a Rachel Clark, banja la anthu akuda limene linkagwira ntchito pafamuyo. Archery unali mudzi wa mabanja akuda ambiri ndi mabanja achizungu ochepa kwambiri, ndipo anzake osewera nawo a Jimmy anali ana a antchito ndi a matenanti a bambo ake. Mayi ake, a Lillian, anali namwino ndipo nthawi zambiri ankakhala kwa odwala, motero mwanayo ankagona ndi kudya kwa a Clark, ndipo a Rachel ndiwo anamuphunzitsa kuwedza nsomba. Mukatuluka m'nyumba ya eni famu n'kulowa m'nyumba ya a Clark, kusiyana kwake kumaoneka popanda wokuuzani. Pafupi ndi nyumba yaikuluyo pali kasitolo ka a Earl Carter kamene antchito ankagulamo ufa, nyama yamchere, fodya ndi zovala, kawirikawiri pangongole yodzabweza pokolola. Amene anaonapo moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya kwathu amadziwa mmene ngongole yotero imamangira munthu chaka ndi chaka. Ndikuyamikira oyang'anira malowa chifukwa sanabise mbali imeneyi kuti famu ioneke yokongola kuposa mmene inalili, ndipo anasiya nyumba ziwirizo kuti zizilankhulana zokha.

A Earl Carter nawonso anali mlimi amene analowa m'nyumba ya malamulo, mfundo imene anthu ambiri saidziwa. Anasankhidwa mu 1952 kukhala phungu m'nyumba ya Georgia House of Representatives, koma anangokhalamo miyezi yowerengeka, chifukwa anamwalira ndi khansa mu Julaye 1953. Imfa imeneyi ndiyo inabweza mwana wawo kumudzi. Panthawiyo a Jimmy Carter anali msilikali wa pamadzi amene anamaliza maphunziro kusukulu ya asilikali a pamadzi ya ku Annapolis mu 1946, ndipo ankagwira ntchito m'gulu la Admiral Hyman Rickover lokonza sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi ndi mphamvu ya nyukiliya. Anasiya ntchito ya tsogolo lowala chonchi n'kubwerera ku mtedza, ngakhale kuti a Rosalynn sanafune m'pang'ono pomwe kubwerera ku Plains. Banjalo linakhala chaka chimodzi m'nyumba za boma zomangira anthu osauka, ndipo chilala cha 1954 chinawasiya opanda phindu lililonse looneka.

Kusukulu ya Plains High School, kumene a Carter anamaliza maphunziro mu 1941, kuli kalasi ndi ofesi ya mphunzitsi wamkulu zobwezeretsedwa mwakale, holo yoonetseramo kanema wa mbiri yawo, ndi zipinda za zithunzi ndi zolembedwa. Amalemekezanso a Julia Coleman, mphunzitsi amene a Carter anawatchula m'mawu awo polumbira kukhala pulezidenti mu 1977. Alendo ambiri amaunjikana pa desiki yofanizira ija ya mu ofesi ya pulezidenti kuti ajambulitse, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Ine ndinathera nthawi yanga pa zaka za bizinesi ya Carter's Warehouse, ndipo wogwira ntchito wina pamalopo anayankha mafunso anga moleza mtima, osandipatsa chithunzi chakuti ndikumuchedwetsa.

Bizinesi imeneyo ndiyo mlatho wa pakati pa munda ndi nyumba ya malamulo. A Carter sanangolima, koma ankachulukitsa mbewu ya mtedza yovomerezeka, kugulitsa feteleza ndi laimu, kugula mtedza kwa alimi anzawo, kuuumitsa, kuusunga ndi kuuswa, ndipo pambuyo pake anaika makina otonolera thonje. A Rosalynn ndiwo ankasunga mabuku a ndalama. Munthu wokhala pasikelo nthawi yokolola amadziwa amene wakolola bwino, amene ngongole yamupana, ndi amene mwana wake wasiya sukulu kuti athandize kumunda. Kudziwa kotereku n'kumene kunawalowetsa m'komiti yoyendetsa maphunziro m'boma la Sumter, imene pambuyo pake anakhala wapampando wake. Mu 1961 anachirikiza ganizo lophatikiza sukulu zing'onozing'ono kuti maphunziro akwere, koma anthu analikana pa voti, ena poganiza kuti inali njira yobisika yosakanizira ana akuda ndi achizungu. M'zaka zomwezo anakana kulowa m'gulu la White Citizens' Council, limene linkateteza tsankho, ngakhale kuti anawaopseza kuti alimi asiya kugula ndi kugulitsa kwa iwo.

Kuti owerenga amvetse mpando umene a Carter anaupikisanira, ndifotokoze pang'ono. Chilichonse mwa zigawo 50 za dziko la America chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, imene imaona za sukulu, misewu, misonkho ina ndi kayendetsedwe ka zisankho m'chigawomo. Ya ku Georgia imakumana ku Atlanta, ili ndi zipinda ziwiri, ndipo chapamwamba, cha maseneta, lero chili ndi mipando 56. Aphungu amakhala pampando zaka ziwiri ndipo amakumana masiku 40 pachaka kuyambira mu Januwale, nthawi imene kumeneko kumazizira ndipo mtedza sunadzalidwe, chifukwa amadzala mu Epulo ndi Meyi. N'chifukwa chake mlimi ankatha kukhala phungu osasiya munda. Kwa zaka zambiri Georgia inkatsatira dongosolo lowerengera mavoti potengera maboma ake 159, limene linkapatsa maboma akumidzi a anthu ochepa mphamvu zoposa mzinda wa Atlanta, ndipo mafumu andale a m'maboma amenewo ankachita zofuna zawo. Mu 1962 makhoti anathetsa dongosololi, madera a maseneta anadulidwa mwatsopano, ndipo a Carter analengeza kuti apikisana m'dera la nambala 14 patangotsala masabata awiri okha kuti chisankho chachipulula cha chipani cha Democratic chichitike mu Okutobala.

Zimene zinachitika pa chisankhocho ndi nkhani imene ndikanakonda mlendo aliyense ataimva asanachoke ku Plains. Wopikisana nawo anali a Homer Moore, munthu wabizinesi amene a Carter eni ake sanamunene kuti anali wachinyengo. Vuto linali ku Georgetown, likulu la boma laling'ono la Quitman, kumene a Joe Hurst ankalamulira ndale zonse. Kumeneko kunalibe zipinda zovoteramo mwachinsinsi. Anthu ankachonga pepala poyera a Hurst akuyang'ana ndi kuwauza woti amuvotere, ndipo mapepalawo ankaponyedwa m'katoni yokhala ndi chibowo chachikulu. Powerenga, mavoti anapezeka ochuluka kuposa anthu amene anabwera kudzavota, mayina a akufa ndi a anthu amene anali m'ndende analembedwa ngati ovota, ndipo ena anaoneka kuti anavota motsatira ndondomeko ya zilembo za mayina awo. A Carter analengezedwa kuti agonja ndi mavoti ochepa. Ambiri akanangobwerera kukasamala mtedza wawo, makamaka poti inali nyengo yokolola, koma iwo anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa umboni wolumbirira, mtolankhani John Pennington wa nyuzipepala ya Atlanta Journal anaulula nkhaniyo, ndipo loya Charles Kirbo anawaimira pa mlandu. Woweruza anathetsa mavoti a bokosi la ku Georgetown, ndipo pa chisankho chotsatira a Carter anapambana ndi mavoti 3,013 pamene a Moore anapeza 2,182.

Analumbira mu Januwale 1963, pamodzi ndi a Leroy Johnson a ku Atlanta, munthu wakuda woyamba kulowa m'chipinda cha masenetacho patapita zaka makumi ambiri. A Carter analonjeza kuti adzawerenga bilu iliyonse asanaivotere, ndipo pofuna kusunga lonjezolo anachita maphunziro owerenga mofulumira n'kumafika kunyumba ya malamulo m'mamawa anzawo asanafike. Anadzudzula mafunso 30 ovuta amene ankagwiritsidwa ntchito polepheretsa anthu akuda kulembetsa m'kaundula wa ovota, anathandiza kukonza malamulo a zisankho, ndipo mtima wawo unali pa maphunziro, mpaka anakhala wapampando wa komiti yoona za maphunziro. Anamenyera nkhondo kuti koleji ya Georgia Southwestern ya ku Americus, imene iwo anaphunzirako chaka chimodzi, iyambe kupereka maphunziro a zaka zinayi, kuti ana a alimi a kuderalo asamapite kutali kukafuna digiri. Anakhala pampando wa useneta maulendo awiri, mpaka Januwale 1967. Ntchito zimenezi zilibe phokoso lofanana ndi la pangano la Camp David, limene anayanjanitsa nalo Egypt ndi Israel ali pulezidenti, koma ndizo zimaonetsa mmene phungu wakhama amagwirira ntchito: kuwerenga, kufunsa kumene ndalama zikupita, ndi kubweretsa kwawo chinthu chimodzi chokhalitsa.

Sindingakhale woona mtima ndikapanda kutchula mbali imene imandivuta. M'zaka zimene a Carter anali seneta, mzinda wa Americus, womwe uli makilomita 16 okha kuchokera ku Plains, unali pakati pa zionetsero zomenyera ufulu wa anthu akuda, ndipo achinyamata ambiri anamangidwa ndi kumenyedwa. Seneta wa deralo sanalankhule mokweza pa zimenezi. N'zoona kuti mu 1965 banja lawo linavota motsutsana ndi mpingo wawo wa Plains Baptist pamene unaganiza zoletsa anthu akuda kulowa m'tchalitchi, ndipo kutero pakati pa anansi ako si chinthu chapafupi. Koma atagonja pa mpikisano wa ubwanamkubwa mu 1966, anachita kampeni ya 1970 mokopa mavoti a azungu okonda tsankho, ndipo anadikira mpaka tsiku lolumbira kukhala bwanamkubwa mu Januwale 1971 kuti anene poyera kuti nthawi ya tsankho yatha. Mlendo ayenera kufika ndi mfundo zimenezi m'mutu, chifukwa kwawo kwa munthu, mwachibadwa, kumamukumbukira mwachikondi. Kwa ine sizichepetsa ulemu umene ndili nawo pa iwo, koma zimandionetsa kuti kulimba mtima kwawo kunakula pang'onopang'ono, ndipo ena analipira mtengo wa kuchedwako.

Siteshoni ya sitima, yomangidwa mu 1888, inali likulu la kampeni ya upulezidenti mu 1976, ndipo mphindi makumi awiri n'zokwanira kuona zithunzi ndi zikwangwani zimene zili m'menemo. Za ku White House, nyumba ya pulezidenti wa America, sindikhalitsapo, popeza zalembedwa kwambiri kwina. Chimene ndinkachiganizira nditaimirira papulatifomu ndi katoni ya ku Georgetown ija. Bungwe la Carter Center, limene iwo ndi a Rosalynn anayambitsa mu 1982, layang'anira zisankho zoposa 100 m'mayiko osiyanasiyana, ndipo abale athu a ku Zambia akukumbukira kuti a Carter anatsogolera gulu la oyang'anira chisankho cha pa 31 Okutobala 1991, pamene a Kenneth Kaunda anagonja kwa a Frederick Chiluba n'kutula mpando mwamtendere. Bungwe lomweli linayang'aniranso zisankho ku Mozambique mu 1999 ndi mu 2004. Munthu amene anaima m'malo oponyera voti ku Zambia akuyang'anitsitsa mabokosi anali atadzionera yekha, zaka 29 m'mbuyomo, mmene voti ya mlimi imabedwera.

Msewu waukulu wa Plains ndi mzere umodzi wa nyumba zakale za njerwa, ndipo tauni yonse ili ndi anthu osapitirira 600. M'sitolo ya Plain Peanuts amagulitsa mtedza wokazinga m'mafuta, maswiti a mtedza ndi ayisikilimu wa chiponde, amene ndinamupeza wokoma ndithu patsiku lotentha, ndipo mitengo yake inali yosaboola m'thumba. Chiboliboli cha mtedza womwetulira, chotalika pafupifupi mamita anayi, chinapangidwira msonkhano wa kampeni ku Indiana mu 1976 ndipo ana amachikonda kwambiri. Tchalitchi cha Maranatha Baptist, kumene a Carter anaphunzitsa Sande sukulu kwa zaka zambiri atachoka pa upulezidenti mu 1981, chili chapafupi kumpoto kwa tauni. Atabwerera chaka chimenecho anapeza bizinesi ya mtedza ili ndi ngongole yoposa madola miliyoni imodzi ndipo anaigulitsa, koma kumudziko sanachokeko. A Rosalynn anamwalira pa 19 Novembala 2023, ndipo a Carter anawatsatira pa 29 Disembala 2024 ali ndi zaka 100. M'nyumba yawo sindinalowe, pakuti sinali yotsegulira alendo.

Zovuta za ulendowu zimachokera ku mtunda ndi nyengo. Popanda galimoto n'kovuta kufika ku Plains, ndiponso kuchoka m'tauni kupita ku famu, ngakhale kuti masiku ena sitima ya alendo ya SAM Shortline imachoka ku Cordele kudzera ku Americus mpaka ku Plains ndi ku Archery. Malo odyera ndi ogona m'tauniyi ndi ochepa, choncho a banja lalikulu angachite bwino kugona ku Americus, kumene kulinso chiyambi cha bungwe la Habitat for Humanity limene a Carter anayamba kumanga nalo nyumba za osauka mu 1984. M'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti kumatentha kwa chinyontho ndipo tintchentche ting'onoting'ono timavutitsa kumaso, pamene famu yonse imayendedwa panja ndi wapansi. Nyengo yabwino ndi Seputembala, mwezi wa chikondwerero cha mtedza cha ku Plains, kapena Okutobala, makina akadali m'minda. Onani nthawi zotsegulira pa intaneti musananyamuke, tengani madzi akumwa ndi chipewa, ndipo patulani maola awiri a ku famu pokha, kuti nthawi yokhala pansi m'nyumba ya a Clark ipezeke.